Aac2 ikuoneka pa jelo ngakhale Δψ ndaipha: yalowadi kapena ayi?

Tiyamike
Moni nonse. Amene mumalowa pagulu lino kudzafunsa za mabasi a ku Park Station ku Johannesburg mundikhululukire, langa ndi la mu labu. Ndikulowetsa Aac2, puloteni yonyamula ADP ndi ATP (ADP/ATP carrier, AAC), yokhala ndi chizindikiro cha radioactive cha 35S mu mitochondria ya yisiti. Ndikathira proteinase K, yodya mapuloteni otsala panja, n'kuyendetsa SDS-PAGE, bandi ya cha m'ma 30 kDa ikutuluka mu chubu chokhala ndi Δψ (voltage ya pa nembanemba yamkati ya mitochondria), ikutulukanso mu chubu chimene ndapha Δψ ndi AVO (antimycin A, valinomycin ndi oligomycin). Su9-DHFR, puloteni yanga ya control, ikuchita zoyenera, popanda Δψ jelo ili mbee. Chavuta ndi AVO kapena proteinase K?

aMbewe
Palibe chavuta, achemwali. Su9-DHFR yakuuzani kale kuti AVO ikugwira ntchito ndipo proteinase K ndi yamoyo. Mukuonazo ndi khalidwe la ma carrier. Puloteni ya presequence (yokhala ndi kachizindikiro kumutu, monga Su9-DHFR) imafuna Δψ kuti mutu wake ulowe mu TIM23, khomo la pa nembanemba yamkati, ndiye Δψ ikasowa thupi lake limatsala panja n'kudyedwa. Carrier siyenda njira imeneyo. Imawoloka nembanemba yakunja popanda Δψ, n'kukakhala mumpata wa pakati pa nembanemba ziwirizo itagwiridwa ndi mapuloteni oiteteza, Tim9 ndi Tim10, kumene proteinase K safika. Komanso Aac2 sidulidwa ndi MPP, enzyme yodula presequence, choncho yomwe yangowoloka ndi yomwe yakhazikika mu nembanemba yamkati zimaima pamzere umodzi pa SDS-PAGE. Bandi yanu ya mu AVO ndi siteji III mwa masiteji asanu a ulendo wa carrier. Jelo ya SDS payokha singakuuzeni kuti carrier yafika.

Tiyamike
Zikomo aMbewe. Ndiye masitejiwa pa benchi amawasiyanitsa bwanji? M'mabuku amangojambula mivi.

Nachisale
Anawagawa ndi Pfanner ndi Neupert mu 1987, pogwira ntchito ndi ADP/ATP carrier ya Neurospora crassa. Musawaloweze pamtima. Siteji iliyonse inapezeka chifukwa pali chinthu chimene ukachichotsa, puloteni imaima pamenepo, ndiye igwireni ndi chimene chimaiimitsa.

Yambani ndi puloteniyo. Carrier ili ndi ma amino acid pafupifupi 300, m'zigawo zitatu zofanana, chigawo chilichonse ma amino acid pafupifupi 100 ndi ma helix awiri. Onse pamodzi ma helix 6 odana ndi madzi. Yisiti ili ndi ma carrier 35, ife anthu tili ndi 53, banja la SLC25. Onse amapangidwa mu cytosol, ndipo kuti akafike kwawo ayenera kudutsa m'madzi kawiri, mu cytosol ndi mumpata wa pakati uja. Akangosiyidwa okha amamatana n'kukhala zibuma. Njira yonseyi mukaiyang'anitsitsa ndi kupatsirana: pasakhale nthawi imene ma helix aja ali poyera.

Siteji I ndi mu cytosol, carrier itagwiridwa ndi Hsp70, chaperone (puloteni yoiteteza kuti isamatane), ndipo mwa nyama zoyamwitsa Hsp90 imathandizanso. Siteji II ndi pa Tom70, cholandirira cha pa nembanemba yakunja. Tom70 ili ndi ma TPR 11 (magawo obwerezabwereza); a kumutu amagwira kamchira ka EEVD ka chaperone, a kumapeto amagwira carrier, ndipo carrier imodzi imasonkhanitsa ma Tom70 angapo nthawi imodzi chifukwa zizindikiro zake zili m'zigawo zonse zitatu. Kuti ichoke pamenepo pamafunika ATP ya panja pa mitochondria. Mukadya ATP ndi apyrase, mu lysate (madzi a maselo momwe munapangira puloteniyo) ndi mu mitochondria momwe, carrier imakakamira pa Tom70 ndipo proteinase K yochepa chabe imaimaliza.

Pa siteji III ndi pamene pali zokoma. Carrier silowa ndi mutu mu Tom40, bowo la TOM (khomo la pa nembanemba yakunja). Imalowa itapindika, ngati ulusi wopinda pawiri polowa pa singano, chigawo ndi chigawo, nsonga zake ziwiri zikadali panja. Tsidya linalo Tim9 ndi Tim10 zimailandira. Zimenezi zimakhala zitatu zitatu, mkombero wa mapuloteni 6 wolemera pafupifupi 70 kDa, wokhala ndi mipata imene ma helix amabisalamo. Ntchito ya NMR ya mu 2018 inasonyeza kuti carrier yathunthu imagwiridwa ndi mikombero iwiri. Poyamba carrier imakhala ikadagwirabe TOM, ndiyo IIIa. Kenako imachoka n'kukatsamira pa TIM22, makina oilowetsa mu nembanemba yamkati, kudzera mwa Tim9, Tim10 ndi Tim12, ndiyo IIIb. Kufika apa Δψ sinafunike. Siteji IV ndi V ndizo za Δψ: yochepa imakwanira kuti carrier ikhale mkati mwa TIM22, koma kuti ilowe yonse mu nembanemba n'kupindika moyenera pamafunika Δψ yokwanira.

Gondwe
Nachisale anena zonse. Ine ndingowonjezera za manja. Achemwali, siyani SDS-PAGE, pitani pa BN-PAGE, jelo yosaphwasula mapuloteni. Mukamaliza import ndi proteinase K, tsukani mitochondria mu SEM, ndiye kuti 250 mM sucrose, 1 mM EDTA, 10 mM MOPS-KOH pH 7.2. Sungunulani mu 1% digitonin yokhala ndi 20 mM Tris pH 7.4, 0.1 mM EDTA, 50 mM NaCl, 10% glycerol ndi 1 mM PMSF (choletsa protease), mphindi 15 pa ayisi, zunguzani kuti zosasungunuka zitsike, n'kuika pa jelo ya 6 mpaka 16.5%. Siteji V imatuluka cha m'ma 100 kDa, imanka ikuda ndi nthawi, ndipo mu AVO kulibe. Imeneyo ndiyo muziwerengera. Siteji III imathamanga pansi pake. Tengani nthawi zitatu kapena zinayi, monga mphindi 3, 8 ndi 20 pa 25 °C, chifukwa nthawi imodzi yaitali imabisa kusiyana kwa wild type ndi mutant. Onse amakhala atafika kale pamapeto.

Tiyamike
BN-PAGE yathu ili pamzere wautali. Palibe njira ina yoti ndiyambire mawa?

Gondwe
Ilipo. Gawani sampulo iliyonse pawiri. Theka lisiyeni mu SEM, theka lina liikeni mu EM, ndiye kuti buffer yomweyo popanda sucrose. Madzi amalowa, matrix (chipinda chamkati cha mitochondria) imafufuma, nembanemba yakunja imaphulika koma yamkati imatsala chifukwa ili ndi makwinya otambasuka. Mukathira proteinase K tsopano, siteji III imadyedwa, pamene carrier yokhazikika imatsala yonse kapena chidutswa chofupikirako pang'ono. Onetsetsani ndi western: Tom70 izizimirira paliponse pamene pali protease, Tim10 kapena mbali ya Tim23 izimirire mukafufumitsa pokha, Tim44 ya mu matrix isakhudzidwe. Tim44 ikachepa, mwaphulitsa zonse ndipo zotsatira zake n'zotaya.

Yamikani
Bwanji carbonate? 0.1 M Na2CO3 pH 11.5, mphindi 30 pa ayisi, 100,000 g. Chotsala mu pellet ndiye kuti chili mu nembanemba.

aMbewe
Pa ma carrier njira imeneyo ndi yonyenga, achimwene. Carrier yomatana imatsikanso mu pellet ngakhale isanaonepo lipid, ndipo zibuma zina proteinase K imalephera kuzidya. Mukafuna carbonate, muyandamitse nembanemba mu sucrose gradient, kuti zimene zili mu lipid zikwere ndipo zibuma zitsale pansi. Ndipo pa import iliyonse pakhale chubu chopanda mitochondria. Bandi ikatuluka mmenemo, vuto ndi lysate yanu. Zunguzani lysate musanaigwiritse ntchito, musaipitirire 10% ya voliyumu, ndipo musaiumitse n'kuisungunula kawirikawiri.

Nachisale
Tiyamike, tiuzeni import buffer yanu. Mavuto ambiri amabisala mmenemo.

Tiyamike
3% BSA, 250 mM sucrose, 80 mM KCl, 5 mM MgCl2, 2 mM KH2PO4, 5 mM methionine, 10 mM MOPS-KOH pH 7.2. Ndimawonjezera 2 mM ATP ndi 2 mM NADH. Mitochondria 50 µg mu 100 µl. AVO ndi 8 µM antimycin A, 1 µM valinomycin, 20 µM oligomycin. Proteinase K 50 µg/ml mphindi 15 pa ayisi, kenako 2 mM PMSF.

Nachisale
Ili bwino. BSA ikhale yopanda ma fatty acid, chifukwa ntchito yake ina ndi kutola ma fatty acid amene amadontheza Δψ. Import ikamapitirira mphindi 15 wonjezerani creatine phosphate ndi creatine kinase, apo ayi ATP imatha ndipo carrier yotsalayo imaima pa siteji II inu muli kuganiza kuti ndi mutant yanu. PMSF muziithira kuchokera mu isopropanol kapena ethanol nthawi yomweyo. M'madzi imafa msanga, ndipo proteinase K yotsala imadzuka mukathira digitonin n'kudya zonse, zolowa ndi zosalowa.

Kanthu kena: musawiritse sampulo za carrier mu SDS. Zimamatana n'kukakamira pamwamba pa jelo. Mphindi 15 pa 50 kapena 60 °C zakwana. Kuno ku Johannesburg, pa mamita pafupifupi 1,750, madzi amawira cha pa 94 °C, koma musadzinamize, kutentha kumeneko n'kokwanira kuziwononga.

Yamikani
Mwa maselo a munthu NADH ija ndi yongotaya. Yisiti ili ndi Nde1 ndi Nde2 zoyang'ana kunja, ndiye imatha kudya NADH ya mu buffer. HEK293T, mtundu wa maselo a munthu a mu labu, ilibe zimenezo. Thirani succinate, kapena malate ndi glutamate, ndipo import muichite pa 30 kapena 37 °C. Komanso mitochondria ya maselo a munthu igwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Ya yisiti imapirira kuumitsidwa mu nitrogen n'kusungidwa pa −80 °C, koma kusungunuka n'kamodzi kokha. Firiji ikatenthako nthawi imene magetsi azima, yesani Δψ ndi utoto wa DiSC3(5) musanawononge 35S yanu, yomwe mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 87 alionse. Mitochondria yofooka imapereka siteji III yokongola ndi siteji V yoperewera, n'kufanana ndendende ndi mutant ya TIM22.

Gondwe
Mfundo imeneyo ndi yaikulu. Mutant iliyonse imene yachepetsa siteji V iyesedwe Δψ, ndipo Su9-DHFR iyende pambali pake. Zonse ziwiri zikatsika mofanana, simunapeze chilichonse cha njira ya ma carrier, mwangopeza mitochondria yodwala.

Ndipo mukafuna kutsimikiza kuti bandi yanu ya siteji III ndi yapaulendo osati yotayika, ichiteni chase. Musagwiritse valinomycin pamenepo. Iphani Δψ ndi antimycin A ndi oligomycin zokha, lolani carrier iunjikane, tsukani, kenako thirani 8 mM ascorbate ndi 0.2 mM TMPD. Zimenezi zimapereka ma electron kwa cytochrome c, kulambalala complex III imene antimycin yatseka, ndiye complex IV imabwezeretsa Δψ. Bandi ikasamuka kupita pa siteji V, nkhani yatha. Mukafuna kuikola pa TOM penipeni, pali AAC-DHFR: methotrexate imalimbitsa DHFR, imalephera kulowa mu Tom40, ndipo mbali ya carrier imakhala italowa kale n'kugwirana ndi Tim10.

Tiyamike
Bandi ya 100 kDa ija ndiye dimer eti? Aac2 ziwiri?

aMbewe
Mapepala akale amatero, ndipo pa zithunzi zawo mudzaona polembedwa AAC2 ndi ka 2 pansi. Musalembe zimenezo mu thesis. Gulu la Kunji ku Cambridge linasonyeza kuti carrier imagwira ntchito ili yokha, ndipo kulemera kumene mumaona pa BN-PAGE ndi puloteni imodzi pamodzi ndi detergent, lipid ndi Coomassie. Mukasintha detergent, bandi imasuntha. Chithunzi cha crystal cha mu 2003, cha AAC ya ng'ombe, chinaonetsanso kuti njira ya ADP ili pakati pa puloteni imodzi. Lembani kuti siteji V basi.

Yamikani
Komabe aMbewe, bandiyo imasiyana ndi ya siteji III. Ngati zonse ndi puloteni imodzi, kusiyanako kukuchokera kuti?

aMbewe
Ku kapindidwe ndi ku lipid. AAC yokhwima imagwira ma cardiolipin atatu mwamphamvu ndipo imanyamula micelle ya mtundu wina. Yosapindika ilibe zimenezo. N'chifukwa chake mu yisiti yopanda cardiolipin, monga crd1Δ, bandi ya siteji V imasokonekera ngakhale TIM22 ilipo. Pamenepo Δψ imatsikanso, ndiye muzisamala pomasulira.

Nachisale
Nkhani ya TIM22 yokha nayonso inasintha, ndipo ambiri akuphunzitsabe zakale. Tim22 inapezeka mu 1996. Mu 2003 panatuluka chithunzi cha mabowo awiri, ndipo kwa zaka zambiri tonse tinkajambula ngalande ziwiri zodzaza madzi. Koma cryo-EM ya TIM22 ya yisiti ndi ya munthu, zofalitsidwa mu 2021, inaonetsa Tim22 imodzi yokha mu complex, ndipo ma helix ake sapanga bowo lotsekeka. Amapanga mphako yotsegukira ku lipid. Kwa ine zimenezi n'zomveka kuposa mabowo: puloteni yodana ndi madzi safunika kuilowetsa m'madzi kachitatu, amangoifewetsera polowera. Chimene Δψ imakoka ndi ma loop a mbali ya matrix, amene ali ndi lysine ndi arginine wambiri, poti mkati mwa matrix ndi negative.

Gondwe
Ine sindinataye zonse za electrophysiology, Nachisale. Tim22 yoikidwa mu bilayer inaonetsadi ngalande yotseguka ndi voltage. Zithunzi za cryo-EM zija zinajambulidwa popanda carrier mkati komanso popanda Δψ, ndiye tikuona makina atapuma.

Nachisale
Zoona, koma Tim22 yotengedwa mu E. coli n'kupindidwanso mu detergent si makina ali pantchito nayonso. Pakati pa ziwirizi ine nditsamira pa complex yathunthu.

Yamikani
Amene mukuchoka ku yisiti kupita ku maselo a munthu, dziwani kuti mayina sasamuka onse. Ya yisiti ndi pafupifupi 300 kDa: Tim22, Tim54, Tim18, Sdh3, ndi Tim9, Tim10, Tim12. Sdh3 ndi yomweyo ya complex II, imagwira maganyu awiri. Ya munthu ndi pafupifupi 440 kDa: TIM22, TIM29, AGK, ndi TIM9, TIM10A, TIM10B. Tim54 ndi Tim18 kulibe. TIM29 inapezeka mu 2016, ndipo mu 2017 zinadziwika kuti AGK ili mu TIM22. AGK ndi lipid kinase, koma ngakhale mutapha mphamvu yake ya kinase imagwirizirabe TIM22.

Apa ndi pamene zimakhudza odwala. Sengers syndrome imabwera ndi kuwonongeka kwa AGK: mwana amabadwa ndi ng'ala, minofu ya mtima imakhuthala, lactate imakwera. Madokotala ankaona kale kuti ANT1, AAC ya munthu, ndi yochepa mu minofu ya ana otere pamene jini ya ANT1 ili bwinobwino, ndipo chifukwa chake chinamveka AGK itapezeka mu TIM22. Mohr-Tranebjærg syndrome, ya kugontha ndi dystonia mwa anyamata, imachokera ku TIMM8A, m'bale wa Tim9 ndi Tim10. Ma Tim aang'onowa nawonso amalowa ndi njira yawo, ya Mia40 ndi Erv1, imene imamanga ma disulfide pa ma cysteine awo. Choncho mia40 ikadwala, ma carrier amavutika mosachita kukhudzidwa mwachindunji. Musathire DTT yambiri mu buffer mosaganiza, poti imamasula ma disulfide.

Tiyamike
Ndili ndi tom70Δ, yisiti yopanda Tom70, mu firiji. Ndiyembekezere kuti Aac2 isalowe konse?

aMbewe
Ayi, idzachepa koma idzalowa. Pali Tom71, m'bale wake, ndipo Tom20 imatola ina. Selo la tom70Δ limakhala ndi moyo, limavutika makamaka kukatentha. Ntchito ya mu 2021 ya gulu la Herrmann ku Kaiserslautern inasonyeza kuti phindu lalikulu la Tom70 mu selo ndi kusonkhanitsa ma chaperone pakhomo la mitochondria kuti mapuloteni asamatane. Mu chubu, momwe puloteni ndi yochepa kwambiri ndipo lysate ya kalulu yadzaza ma chaperone, mbali imeneyi simuiona bwino.

Chinanso, yisiti yonse muzimeretsa mu chakudya chimodzi. Mu glucose, enzyme ya PKA imaika phosphate pa serine 174 ya Tom70, chaperone imalephera kugwira bwino, ndipo ma carrier amalowa mochepa. Wild type ya mu glycerol kuiyerekeza ndi mutant ya mu glucose ndi kudzinamiza.

Gondwe
Ndipo carrier ikakanika panjira imavulaza selo lonse, si kusowa kwake kokha. Aac2 A128P, yofanana ndi ANT1 A114P ya anthu odwala adPEO (matenda ofooketsa minofu ya maso), ndiyo inaulula vuto lotchedwa mPOS mu 2015: mapuloteni osalowa amaunjikana mu cytosol. Ma mutant ena amatseka TOM yeniyeniyo, mapuloteni ena n'kusowa polowera. Selo lili ndi zochotsera, Ubx2 ndi Cdc48, komanso Cis1 ndi Msp1, koma zimalemedwa. Choncho mukaika carrier pa promoter ya GAL kuti ipangidwe yambiri n'kuona yisiti ikufa, musathamangire kunena kuti ndi transport.

Che Saidi
Ndimawerenga mwakachetechete, koma apa ndilowepo. Pali njira yakale yodziwira kuti AAC yapindika bwino popanda BN-PAGE. Thirani carboxyatractyloside (CATR), poizoni wotseka AAC, sungunulani mu Triton X-100, dutsitsani pa hydroxyapatite. AAC yokhwima yogwira CATR imadutsa, yosapindika imakakamira. Poizoni ameneyu ndi wa kuno komwe: atractyloside ndi abale ake ali mu impila, Callilepis laureola, muzu umene wapha anthu ku KwaZulu-Natal powononga chiwindi ndi impso. Mnzake bongkrekic acid, amene amatseka AAC kuchokera mbali ya matrix, ndi amene anali mu mowa wa pombe ku Chitima, m'chigawo cha Tete, mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anamwalira. Mu labu muvale magolovesi ndipo ufa wake muyezere mu hood.

Nachisale
Che Saidi, CATR ithiridwe import itatha. Mukaithira poyamba mwatseka AAC ya mitochondria yomweyo, ATP siyendanso pakati pa matrix ndi kunja, ndipo mwasintha zinthu zimene simunafune kusintha.

Che Saidi
Eya, itatha, ndipo pa ayisi. Kwa amene mukufuna kubwerera kumudzi ndi ntchitoyi, yang'anani Trypanosoma brucei, ya kaodzera wa ku Nkhotakota ndi Rumphi. Ilibe TIM22 ndi TIM23 zosiyana. Ili ndi puloteni imodzi ya banja limeneli, TbTim17, imene imalowetsa ma carrier ndi mapuloteni a presequence omwe. Pakhomo lakunja pali ATOM, ndipo ATOM69 imagwira ntchito yonga ya Tom70 ngakhale sizinachokere kumodzi. Kusiyana kotere ndi kumene opanga mankhwala amafunafuna.

Yamikani
Komanso lamulo lakuti TIM22 imangotenga a ma helix 4 kapena 6 linagwa. Mu 2020 magulu awiri anasonyeza kuti pyruvate carrier, imene si ya SLC25 ndipo zigawo zake zina zili ndi ma helix atatu, imadutsa momwemo. Ma sideroflexin nawonso. Tim17, Tim23 ndi Tim22 yeniyeniyo ndi makasitomala akale.

Tiyamike
Ndamva. Ndiye mawa ndichite chonchi: machubu a Δψ pa nthawi zitatu, chimodzi cha AVO, chimodzi cha apyrase, chimodzi chopanda mitochondria, chilichonse ndigawe SEM ndi EM. BN-PAGE ikapezeka ndibwereze.

Gondwe
Wonjezerani ziwiri. Chubu cha apyrase chigawikenso, china ndi proteinase K china popanda, apo ayi siteji II simuiona, mudzangoona mzere wopanda kanthu. Ndipo mu chubu chimenecho musathire ATP kapena creatine phosphate, muikemo oligomycin kuti mitochondria isapange ATP yatsopano. Chachiwiri, AVO ilowe mphindi zingapo lysate isanalowe, ndipo machubu a Δψ alandire ethanol yofanana, osapitirira 1%. Poimitsa import pa nthawi iliyonse, thirani AVO kaye kenako pa ayisi. Ayisi yekha amachedwetsa TIM22 koma saiimitsa.

Nachisale
Pa jelo muikenso 10% ya lysate imene munathira, kuti mudziwe gawo limene lalowa. Mukajambula, tumizani pano chithunzi chonse, kuyambira pa ma well mpaka pansi, osadula.